Phungu wa dera limodzi amene ankayendetsa Illinois yonse

Achimwene, mwafunsa kuti zitheka bwanji kuti kumangidwa kwa Michael Madigan, yemwe anali sipikala wa nyumba ya aphungu ya chigawo cha Illinois, kukhale nkhani yaikulu chotere ku America, pomwe munthuyo sanakhalepo pulezidenti, bwanamkubwa kapena seneta wa ku Washington. Mwafunsanso ngati aphungu a m'zigawo ngati iye sali chimodzimodzi ndi makhansala athu. Ayi, si makhansala. Ndipo Madigan ndi chitsanzo chabwino chosonyeza kumene mphamvu za ndale za kumeneko zimabisala.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi malamulo ake, bwanamkubwa wake, bajeti yake komanso nyumba ya malamulo yake. Misonkho yambiri, ndalama za sukulu, misewu, ndende, penshoni ya aphunzitsi, malamulo a makampani a magetsi, ngakhale funso loti chilango cha imfa chikhalepo kapena ayi, zonsezi zimagamulidwa m'zigawo. Amene muli ku Joni mwina mukuganiza za nyumba za malamulo za Gauteng kapena Limpopo, koma za ku America mphamvu zake n'zochuluka kuposa pamenepo. Illinois, kumene kuli mzinda wa Chicago, kumakhala anthu oposa 12 miliyoni, ndipo bajeti yake imadutsa madola 50 biliyoni pa chaka. Nyumba yake ya malamulo ili ku Springfield ndipo ili pawiri: ya aphungu 118 ndi ya maseneta 59. Abraham Lincoln anayambira ndale m'nyumba ya aphungu ya chigawo chomwechi mu 1834, ndipo Barack Obama anali seneta kumeneko kuyambira 1997 mpaka 2004. Kwa awiriwa unali mlatho wopitira patsogolo. Madigan sanafune kuwoloka. Anaona kuti mphamvu zomwe ankafuna zili pomwepo.

Anabadwira ku Chicago mu 1942. Bambo ake anali mmodzi mwa akuluakulu a chipani cha Democratic mu wodi ya nambala 13, kum'mwera chakumadzulo kwa mzindawo, pafupi ndi bwalo la ndege la Midway. Inali nthawi ya meya Richard J. Daley, pamene ndale za Chicago zinkayenda mwa njira yosavuta kumvetsa: chipani chimakupezera ntchito ku khonsolo, iwe n'kumabweza poyenda khomo ndi khomo m'dera lako, kudziwa banja lililonse, kudziwa amene akudandaula za zinyalala kapena mtengo wogwera pamsewu, ndipo tsiku la chisankho kuonetsetsa kuti onse akavota. Madigan anakulira m'zimenezi. Anaphunzira ku yunivesite ya Notre Dame, kenako zamalamulo ku yunivesite ya Loyola, ndipo mu 1969 anakhala mtsogoleri wa chipani mu wodi yomweyo ali ndi zaka 27. Udindo waung'ono umenewu sanautaye kwa zaka zoposa 50. Anakhala nawo pa msonkhano womwe unalemba malamulo aakulu a Illinois a 1970, n'kulowa m'nyumba ya aphungu mu Januwale 1971.

Mwayi wake waukulu unabwera kudzera mwa anthu amene ankafuna kuchepetsa mphamvu za andale. Mu 1980 ovota anavomereza kuti aphungu achepetsedwe kuchoka pa 177 kufika pa 118, ndipo amene ankatsogolera kampeni imeneyi ndi Pat Quinn, yemwe pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa. Kale dera lililonse linkatumiza aphungu atatu, ndipo kawirikawiri mmodzi ankakhala wa chipani chochepa mphamvu kumeneko, munthu wosadalira kwenikweni atsogoleri a ku Springfield. Zitasintha, dera lililonse linatsala ndi phungu mmodzi, mpikisano unakula, kampeni inadula, ndipo phungu aliyense anayamba kufuna womuthandiza ndalama. Nthawi yomweyo malire a madera ankajambulidwa mwatsopano pambuyo pa kalembera, ndipo Madigan ndi amene anali pakati pa ntchitoyi kumbali ya chipani chake. Mu 1983 anakhala sipikala.

Apa ndi pamene tiyenera kukhalitsa, chifukwa sipikala wa kumeneko si munthu wongoti "khalani chete" m'nyumba. Ndi mtsogoleri wa chipani cholamula, ndipo Madigan anagwira zingwe zitatu nthawi imodzi.

Chingwe choyamba ndi mabilu. Bilu iliyonse imayamba yadutsa mu komiti yoona za kayendetsedwe ka nyumba, yomwe ambiri mwa mamembala ake amasankhidwa ndi sipikala. Iye akapanda kuifuna, biluyo imangogona mmenemo mpaka nthawi yake kutha, popanda wina kuivotera kuti ayi. Apampando a makomiti, omwe amalandira kangachepe kowonjezera, ankawasankhanso ndi iyeyo. Chachiwiri ndi ndalama. Kuyambira 1998 analinso wapampando wa chipani cha Democratic mu Illinois yonse, ndiye thumba la kampeni la aphungu ndi la chipani zinali m'manja amodzi. Mabungwe a ogwira ntchito ndi maloya ankapereka ndalama kwa iye, iye n'kumagawira aphungu amene mipando yawo ikugwedera, n'kuwatumiziranso anyamata ake a mu wodi 13 okayenda khomo ndi khomo. Phungu wopambana mwa njira imeneyi ankadziwa amene wamuika pampando. Chachitatu ndi mapu. Zaka khumi zilizonse malire amajambulidwanso, ndipo wogwira pensulo amatha kukupatsa dera lodzaza anthu ako kapena kukuponya m'dera limodzi ndi mnzako kuti mulimbane. Ku Illinois zipani zikalephera kugwirizana, dzina la munthu wodula mlandu limatoledwa mwamwayi. Mu 1991 mwayi unagwera chipani cha Republican, ndipo zimenezi zinathandiza kuti Madigan ataye usipikala kwa Lee Daniels mu 1995. Anaubweza mu 1997, pa mapu omwewo ojambulidwa ndi adani ake. Kuyambira pamenepo sanausiyenso mpaka 2021. Zonse pamodzi ndi zaka 36, ndipo palibe wina m'mbiri ya America amene anatsogolera nyumba ya malamulo nthawi yaitali chotere.

Chomwe chimandidabwitsa ine n'chakuti omuvotera anali a dera limodzi lokha, la anthu ongopitirira pang'ono 100,000. Mamiliyoni ena onse a mu Illinois analibe pomukanira. Chisankho chake chenicheni chinkachitika m'nyumba, pomwe ankafunika mavoti 60 a aphungu, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi ngongole kwa iye. Munthu wake sanali wokonda msonkhano kapena kamera. Ankayankhula pang'ono, ankadziwika kuti sagwiritsa ntchito imelo kapena foni ya m'manja, ndipo atolankhani ankaseka zoti chakudya chake cha masana ndi apozi. Anamupatsa dzina loti Velvet Hammer, nyundo yokutidwa ndi nsalu yofewa.

Abwanamkubwa ankabwera n'kupita, iye ali pomwepo. Ndi Jim Thompson wa Republican ankamvana, ndipo mu 1988 anathandizana kudutsitsa lamulo lomangira bwalo latsopano timu ya masewera a baseball ya White Sox kuti isasamukire ku Florida. Ndi Rod Blagojevich, wa chipani chake chomwe, anali pachimkulirano, ndipo mu Januwale 2009 nyumba ya Madigan inavota 114 kwa 1 kuti bwanamkubwayo aimbidwe mlandu, maseneta n'kumuchotsa 59 kwa 0. Bruce Rauner, mpondamatiki wa Republican, analowa mu 2015 atalonjeza kuthyola mphamvu za sipikala ndi za mabungwe a ogwira ntchito. Anakokana mpaka Illinois inakhala zaka ziwiri yopanda bajeti yathunthu. Mayunivesite anachotsa anthu ntchito, mabungwe osamalira okalamba ndi olumala sankalipidwa. Mu Julayi 2017 aphungu ena a Republican anatopa, anagwirizana ndi Madigan n'kudutsitsa bajeti bwanamkubwa akukana, msonkho wa pa malipiro n'kukwera kuchoka pa 3.75 kufika pa 4.95 peresenti. Chaka chotsatira Rauner anagwa pa chisankho. Njovu ziwiri zinamenyana, ndipo udzu unali anthu osauka a mu Illinois.

Tisamunamizire kuti anangochita zoipa. Pansi pa usipikala wake chilango cha imfa chinathetsedwa mu 2011, ndipo mu 2019 anadutsitsa lamulo lokweza malipiro otsikitsitsa pang'onopang'ono mpaka madola 15 pa ola. Ogwira ntchito ambiri ankamuona ngati chishango chawo. Koma pa zaka zomwezo boma linkazengereza kuika ndalama zokwanira mu thumba la penshoni, mpaka ngongole yake inadutsa madola 100 biliyoni. Zipani zonse ziwiri zili ndi gawo pa vutoli, koma munthu amene anakhalapo pa bajeti pafupifupi zonse sangasambe m'manja. Panalinso nkhani ya kampani yake ya maloya, Madigan & Getzendanner, yomwe ntchito yake inali kuthandiza eni nyumba zikuluzikulu za mu Chicago kuti msonkho wa malo awo utsike. Aphungu a ku Illinois amaloledwa kukhala ndi ntchito ina pambali, ndiye lamulo silinkaletsa. Koma taganizirani mwini bizinesi amene akufuna loya wa msonkho, ndipo mmodzi mwa maloyawo ndi sipikala. Mwana wake Lisa Madigan analinso loya wamkulu wa boma la Illinois kuyambira 2003 mpaka 2019, ngakhale ameneyu anachita kuvoteredwa ndi chigawo chonse.

Kugwa kunayamba mkati. Mu 2018 kunatuluka madandaulo a amayi ochitidwa zachipongwe ndi anthu a m'gulu lake, ndipo mkulu wa ofesi yake, Tim Mapes, anatula pansi udindo. Kenako mu Julayi 2020 kampani ya magetsi ya ComEd inavomera kwa oimira boma pa milandu kuti kwa zaka zambiri inkapereka ntchito ndi makontirakiti kwa anthu a Madigan, ena osagwira ntchito yooneka, pofuna kuti iye aziyang'ana bwino mabilu okhudza kampaniyo. Inalipira chindapusa cha madola 200 miliyoni. Onani kuti ndi njira yakale ija ya ku wodi 13, yopezera anyamata ako ntchito, kungoti tsopano wolemba ntchito sanali khonsolo koma kampani yomwe mitengo yake ya magetsi imadalira malamulo a ku Springfield. Aphungu 19 a chipani chake analengeza kuti samuvoteranso, mavoti 60 aja anasowa, ndipo mu Januwale 2021 Emanuel "Chris" Welch anakhala sipikala, munthu wakuda woyamba pa mpandowu. Mwezi wotsatira Madigan anasiya uphungu ndi upampando wa chipani.

Anaimbidwa milandu mu Malichi 2022. Munthu wosamala zoyankhula uja anapezeka kuti anajambulidwa mwachinsinsi ndi khansala wa mu Chicago, Danny Solis, yemwe ankagwira ntchito ndi FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, kuti apulumuke pa milandu yake. Madigan mwiniwake anaima m'bwalo n'kukana kuti sanagulitsepo udindo wake, kuti iye ankangothandiza anthu obwera kudzapempha ntchito. Oweruza sanavomere zonse zomwe boma linanena: mu Febuluwale 2025 anamupeza wolakwa pa milandu 10 mwa 23, ina anamumasula, ndipo pa ina, kuphatikizapo waukulu woti ankayendetsa gulu la katangale, sanagwirizane. Mu Juni chaka chomwecho analamulidwa kukhala m'ndende zaka 7 ndi theka ndi kulipira madola 2.5 miliyoni, ali ndi zaka 83.

Kwa ine mlandu wa ComEd ndi gawo laling'ono la nkhaniyi. Zambiri zomwe zinamupatsa mphamvu, kugoneka mabilu, kugawa ndalama za kampeni, kujambula malire, zinali zololedwa ndi lamulo, ndipo zambiri zidakalipo. Atangochoka, aphungu anaika lamulo la m'nyumba loti sipikala asamapitirire zaka 10, koma lamulo lotere nyumba yomweyo ikhoza kulisintha. Mapu a 2021 anajambulidwanso ndi chipani cholamula, ndipo pa chisankho cha 2022 chipani cha Democratic chinatenga mipando 14 mwa 17 yomwe Illinois imatumiza ku nyumba ya aphungu ya ku Washington.