Yankho kwa achemwali pa za mphwanga ndi kamera yake

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, loti mphwangayu akuti akufuna adzakhale dayirekita wa mafilimu pomwe ntchito yake ndi kugwira kamera basi, ndiye mukufunsa ngati zimatheka kapena akungotaya nthawi. Kulemba kukanatalika, bola ndingolankhula.

Zimatheka achemwali, ndipo alipo anthu anadzera njira yomweyo. Pali bambo wina wa ku America, Ernest Dickerson, wobadwa mu 1951 ku Newark. Poyamba anaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Howard University, kenako n'kupita kusukulu ya mafilimu ku New York University. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Spike Lee, ndipo kwa zaka zingapo Spike akamatsogolera filimu, pakamera pamakhala Dickerson, mpaka pa filimu ya Malcolm X mu 1992.

Tsopano apa mumvetsere, chifukwa anthu amaganiza kuti wa kamera amangodina batani. Ayi ndithu. Iyeyo ndiye amaganiza kuti kuwala kuchokere kuti, kamera iyime pati, nkhope ya munthu ioneke motani. Filimu yawo ya 1989, Do the Right Thing, nkhani yake yonse ndi ya tsiku limodzi lotentha kwambiri mumsewu umodzi ku Brooklyn. Koma kujambula kwake kunatenga milungu ingapo, ndipo si tsiku lililonse dzuwa linkaswa mtengo. Ndiye atani kuti woonera amve kutentha? Anadzaza chithunzi ndi mitundu yofiira, yachikasu, ya olenji, n'kupewa yabuluu. Khoma lina linapakidwa penti yofiira psuu. Penanso ankayatsa kamoto pansi pa diso la kamera kuti mpweya uzioneka ukunjenjemera, monga umachitira pamwamba pa tala ku Nsanje mu Okutobala. Ukamaonera, thukuta limachita kukutuluka uli khale pampando. Munthu woganiza choncho wayamba kale kufotokoza nkhani, ngakhale asanatchedwe dayirekita.

Ndiye mu 1992 momwemo Dickerson anatulutsa filimu yoyamba yotsogolera yekha, Juice, ya anyamata anayi a ku Harlem. Muli Tupac Shakur, eya, woyimba uja anyamata amavala pa malaya, ndi Omar Epps. Patapita zaka Dickerson anakhazikika pa TV, n'kutsogolera zigawo za The Wire, Dexter ndi The Walking Dead.

Koma pali chinthu chimodzi ndikufuna mphwangayu achimve bwinobwino. Juice ija Dickerson sanachite kupatsidwa, nkhaniyo anailemba nawo yekha, iye ndi mnzake Gerard Brown. Kamera imakuphunzitsa kuona, koma siyikuphunzitsa kulemba nkhani, komanso siyikuphunzitsa kulankhula ndi ochita sewero. Mtsikana walephera kulira kachisanu, dzuwa likulowa, ndalama ya jenereta yatha, anthu onse akuyang'ana iwe. Pamenepo magetsi ako okongola aja sakuthandiza. Uyenera kudziwa mawu omunong'oneza kuti mtima wake utseguke. Ambiri ochokera ku kamera amagwera pomwepa, filimu yowala bwino koma anthu ake ouma gwa.

Ndiye ine maganizo anga, musamuletse, komanso asafulumire kuisiya kamerayo. Ndi imene ikumudyetsa, ndipo ndi imene ikumuika pafupi ndi madayirekita tsiku lililonse. Akamajambula, khutu lina lizikhala kwa dayirekita, azimva zimene akuwauza ochita sewero, ndi zimene zikugwira ntchito. Madzulo azilemba kankhani kake, kakafupi, ka mphindi zisanu, ka anthu awiri m'chipinda chimodzi. Akajambule ndi anzake Loweruka, ngakhale ndi foni.

Mumuuze andiimbire mawa madzulo, ndipo anditumizire zimene wajambula mwezi uno ndizione ndisanalankhule naye. Moni kwa alamu.