Masipika a pa shelefu ndi ngongole ya miyezi 12

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndikufuna masipika awiri ang'onoang'ono oika pa shelefu, omvera nyimbo komanso oonera mafilimu kunyumba. Ndapeza mitundu iwiri, ina yalembedwa mawati 60 ndipo ina mawati 600. Ogulitsa akuti a 600 aja nditha kunyamula lero lomwe n'kumalipira pang'onopang'ono kwa miyezi 12, ndi chiwongoladzanja cha 5 peresenti pa mwezi. Kodi ndisankhe ati?"

Bambo, makalata ngati anuwa ndawawerenga kambirimbiri, ndipo pafupifupi onse amabisa nkhani yeniyeni kumapeto. Inu mwafunsa za mawati, koma maso anga aima pa miyezi 12 ija. Za mawatizo tithane nazo msanga. Nambala yolembedwa pa sipika kawirikawiri imanena mphamvu imene sipikayo ingapirire isanapse, osati kukula kwa mawu ake, ndipo kabokosi kokwana pa shelefu kakalembedwa 600, nthawi zambiri imakhala nambala yokometsera malonda yotchedwa PMPO, yonena mphamvu ya kamphindi chabe, pamene yodalirikapo ndi ya RMS, yonena mphamvu yopitirira. Chimene chimakuuzani zambiri ndi nambala ya dB, yosonyeza kukula kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi. Sipika ya 85 dB imafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuti ilire mofanana ndi ya 88 dB, ndipo m'chipinda chochezera munthu womvera nyimbo mwaulemu amagwiritsa ntchito mawati ochepa chabe. A 60 aja angakukwanireni.

Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti simunanene ngati masipikawo ali ndi ampulifaya, chipangizo chowapatsa mphamvu yolirira, m'kati mwake. Masipika a pa shelefu ali m'magulu awiri: ena mumangowalumikiza ku magetsi ndi ku TV n'kuyamba kulira, pamene ena ndi mabokosi osalankhula mpaka mutawagulira ampulifaya yapadera. Anthu ambiri amazindikira zimenezi atafika kale kunyumba, bokosi atalitsegula, pepala la ngongole atasaina.

Tiwerengere limodzi, mosalowa m'timanambala ting'onoting'ono. Mtengo wa masipikawo tiutche 100. Ngati 5 peresenti ija akuiwerengera pa ndalama yonse mwezi uliwonse, pakutha pa miyezi 12 mudzakhala mutalipira 160. Ngati akuiwerengera pa ngongole yotsala, mudzalipira pafupifupi 135. Kodi munawafunsa kuti ndi njira iti mwa ziwirizi? Ndikukayika, chifukwa obwereketsa amakonda kutchula kandalama ka pa mwezi, kamene kamamveka kopepuka, ndipo satchula chiwerengero chonse pokhapokha mutawapanikiza. Tsopano tiyerekeze kuti ampulifaya ikufuna 70, ndipo popeza m'thumba mulibe kanthu, nayonso mwaitenga pa ngongole yomweyo: yasanduka 112. Onjezani 15 ya mawaya ndi poikapo. Chinthu chimene munachiona ngati cha 100 chafika pafupi ndi 290, ndipo sichidzakubweretserani ndalama ngakhale tsiku limodzi.

Pamenepa ndi pamene ine ndimakwiya, ngakhale kuti mkwiyo wake ndi wa chikondi. Ngongole ili ndi malo ake. Telala akabwereka kuti agule makina osokera, makinawo amabweza okha ngongoleyo. Sipika siibweza kanthu, ndipo tsiku limene mwaitulutsa m'sitolo mtengo wake watsika kale. Taonani chinanso: pa ngongole ya 160 mukhala mukupereka kupitirira pang'ono 13 mwezi uliwonse. Ndalama yomweyo mukamaisunga nokha, pakutha pa miyezi 8 muli ndi 100 yonse m'manja, mulibe wokulondolani, ndiponso munthu wolipira pompopompo amakhala ndi pakamwa ponenerera mtengo. Ngati mukuona kuti simungathe kusunga 13 pa mwezi kwa miyezi 8, ndiuzeni kuti mudzaipeza kuti kwa miyezi 12, chindapusa cha kuchedwa chikukudikirani.

Mwina mukuopa kuti mukadikira masipikawo adzakhala achikale. Masipika sakalamba ngati mafoni. Edgar Villchur, katswiri wa masipika wa ku America, anaonetsa kale mu 1954, ndi sipika yake ya AR-1, kuti bokosi laling'ono lotsekedwa bwino litha kutulutsa besi yozama, ndipo kuyambira nthawi imeneyo kapangidwe kake kakhala kakusintha pang'onopang'ono. Sipika yabwino ya zaka khumi zapitazo ndi yabwinobe lero. N'chifukwa chake ogwiritsidwapo kale ntchito sindiwanyoza, malinga muyang'ane mkombero wofewa wozungulira woofer (mbale yaikulu yotulutsa besi), umene ukakhala wa siponji umafumbutuka ndi zaka, ndiponso muike khutu pa tweeter (kambale kakang'ono kotulutsa mawu okwera) iliyonse kuti mumve ngati ikulira.

Nanga musankhe gulu liti? Ngati ndalama ndi yochepa ndipo chipinda si chachikulu, tengani okhala ndi ampulifaya m'kati, chifukwa mtengo umene mwauona ndi womwewo basi. Edifier R1280DB ndi chitsanzo chodziwika: ili ndi polowetsa waya wa optical komanso Bluetooth. Nkhani ya polowetsa mawayayi musaipeputse, pakuti ma TV ambiri atsopano amatulutsa mawu kudzera pa optical kapena HDMI ARC, ndipo masipika opanda zimenezi adzakukakamizani kugula kachipangizo kena. Kuipa kwa gululi n'kwakuti ampulifaya ya m'katiyo ikafa, zonse zaima. Ngati muli kale ndi ampulifaya, kapena mukufuna kumanga zinthu zanu chimodzichimodzi kwa zaka, gulu linalo, la masipika opanda ampulifaya m'kati, ndi labwino, ndipo mitundu ngati Wharfedale Diamond kapena ELAC Debut (yomalizayi anaipanga mu 2015 ndi Andrew Jones, katswiri wa masipika) inatchuka chifukwa cha mawu abwino pa mtengo wofikirika. Mungoonetsetsa kuti ampulifaya yanu ikulola ma ohm a masipikawo (muyezo wa mmene amakanizira magetsi), chifukwa a 4 ohms amaitenthetsa kuposa a 8.

Pa mafilimu ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, popeza apa ndi pamene ogulitsa amabwera ndi ngongole yachiwiri. Woofer ya masentimita 13 kapena 16 imatsika mpaka cha m'ma 50 kapena 60 Hz (nambala ya Hz ikachepa, besi imazama), choncho kugunda kwa mabomba kumene kumagwedeza mpando simudzakumva mokwanira. Imeneyo ndi ntchito ya subwoofer, sipika yapadera ya besi yozama, imene nthawi zambiri imapatsidwa mawu a pansi pa 80 Hz, ndipo itha kudikira chaka chamawa. Masipika awiri oikidwa molingana mbali zonse za TV, tweeter ili pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi, amamveketsa zolankhula za m'filimu ngati zikuchokera pakati. Ngati ali ndi bowo kumbuyo, musawagunditse kukhoma, apo ayi besi imangoti phuu osamveka bwino. Zimenezi n'zaulere.

Mukabwerera ku sitolo kuja, tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino ndipo muimvere pa mitundu yonse iwiri, voliyumu ili yofanana. Kenako apempheni akulembereni pa pepala limodzi mtengo wolipira pompopompo, chiwerengero chonse cha miyezi 12, chindapusa cha kuchedwa, ndi kutalika kwa waranti. Pepalalo mupite nalo kunyumba, masipikawo muwasiye kaye pa shelefu ya eni ake.