Phulusa m'munda: si nthaka iliyonse yomwe imalilandira

Bambo wina wa ku Ngabu wafunsa kuti: "Mlamu wanga ku Thyolo amamwaza phulusa m'munda ndipo nyemba zake zimachita bwino. Nanenso nditero?"

Bambo, fatsani kaye. Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu, kashiyamu ndi fosifolasi pang'ono, koma ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa asidi m'nthaka. Mphamvu yake ndi yomwe ija amayi amatcheza popanga chidulo cha therere. Katondo wa ku Thyolo, komwe mvula imagwa yambiri, amakhala ndi asidi, n'chifukwa chake phulusa limamuyanja. Kuno kuchigwa cha Shire n'kosiyana. Makande ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje alibe vuto limenelo, ndipo malo ena ali kale ndi mchere. Yang'anani m'munda mwanu mwezi wa Okutobala: ngati pamwamba payera mbuu, dothi likutuwa ndi kufumbutuka mukaliponda, musathirepo phulusa ngakhale pang'ono. Mukathira, mudzaona masamba a chimanga akuchita chikasu, mbewu zikupinimbira.

Mayi wa ku Makhanga akuti munda wawo unakwiririka ndi mchenga pa namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo akufunsa ngati phulusa lingaudzutse. Palokha ayi, mayi. Mchenga umasowa chosunga chinyezi, ndipo chimenecho ndi manyowa. Ndowe za ng'ombe kuno sizisowa. Pounjika kompositi, wazani phulusa mopyapyala pamwamba pa mapesi ndi ndowe, kenaka dothi, n'kumasanja choncho. Akapsa, thirani m'mapando momwe mudzalemo. Padimba la mchenga, dzanja limodzi la phulusa losefa pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi, kamodzi pachaka, n'lokwana. Lisakanizeni ndi dothi kutatsala sabata ziwiri kuti mudzale, lisakhudze mbewu.

Phulusa la mankhusu a mpunga, ngakhalenso la zikhutu za nzimbe ngati zomwe amasonkhezera moto pafakitale ya shuga, n'lofatsa poyerekeza ndi la nkhuni. La kudzala komwe mwatenthera mapulasitiki ndi mabatire, limenelo lisafike kumunda.

Wachinyamata wina wa ku Bangula amafuna kusakaniza phulusa ndi yureya kuti feteleza achuluke. Mukatero mumva fungo lolasa m'mphuno, ndiye nayitrojeni wanuyo, chakudya cha mbewu cha mu yureya, akuthawira mumpweya. Zithireni padera, patapita masabata angapo.

Podzala mitengo, thirani phulusa pang'ono chabe losakaniza bwino ndi dothi la m'dzenje, osati kuunjika patsinde.

Chomwe chimandiwawa ine ndi kuona mapesi a mapira akuyaka m'minda ati pofuna phulusa. Moto umauluza pafupifupi nayitrojeni yense wa m'mapesiwo, n'kusiya nthaka pambalambanda padzuwa la kunoli. Phulusa la pamafuwa ndi la mumbaula likukwanirani. Lisungeni m'chidebe pouma, poti likanyowa ndi mvula potaziyamu amasuluka.