Kodi asilikali a m'thupi amakokedwa kapena amalondola?

Funso: Ndine mlangizi wa zaumoyo, ndimaphunzitsa amayi kusikelo. Mayi wina anandifunsa kuti asilikali a m'thupi amadziwa bwanji pamene pali bala. M'buku lathu la Chingerezi muli mawu oti chemokine, ndiye ndinati ndi mankhwala amene amakoka asilikaliwo. Nkhope za amayi zinaonetsa kuti sanandimve. Ndikanati chiyani?

Alangizi, amayiwo sanalakwe. Mawu oti mankhwala ali kale ndi katundu wake m'Chichewa: a kuchipatala, a kwa sing'anga, kapena othira m'chimanga kuti anankafumbwe asadye. Munthu akamva mawuwa amayembekezera chinthu chochiza kapena chopha tizilombo. Ntchito yeniyeni ya chemokine ndi kusonyeza njira. Ndi timapuloteni ting'onoting'ono tomwe maselo a pamalo povulala amatulutsa. Pabala penipeni timachuluka, ukamatalikira timanka tichepa, ndipo selo loyera la m'magazi limakwawira kumene tachulukako, monga amachitira galu wa uzimba akamva fungo la gwape.

Choncho ine ndikanati: "Pabala pamatuluka timapuloteni tokhala ngati fungo, ndipo asilikali amalondola fungolo mpaka kufika." Kamawu koti ngati musakasiye, chifukwa si fungo loti mphuno ingalimve.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi mneni amene munasankha. Kukoka timakoka mbuzi yokana kuyenda, ili pachingwe. Selo silikokedwa. Limayamba lamatirira kukhoma la mtsempha, kenako limadzipanikiza pakati pa maselo a khomalo n'kutulukira kunja, lokha. Kukopa nakonso ayi: amakopa ndi wamalonda pamsika, ndipo wokopedwayo akhoza kukana. Kuitana kulibe vuto. Koma Chichewa chinatipatsa mawu awiri apachibale ogwirizana ndi nkhaniyi ngati anachita kuwasulira dala, kulondola ndi kulondolera. Wolondola amatsata mapazi kapena fungo, pomwe wolondolera amauza mnzake njira. Chemokine amalondolera, selo limalondola. Pamenepo mwatha, osabwereka mneni kwa wina.

Mukafuna kuti amayi aone ndi maso, akumbutseni za munga wolasa kuphazi polima. Pakapita masiku awiri kapena atatu pamatuluka mafinya. Gawo lalikulu la mafinyawo ndi maselo otchedwa neutrophil, omwe analondola uthenga wa chemokine wonga CXCL8, anamenya nkhondo n'kufera pomwepo. Mwanabere wotupa m'mphechepeche nayenso ndi umboni woti maselo asonkhana ndipo akuchulukana.

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Ana amafunsa kuti B wa mu B cell akuimira chiyani, komanso ngati nawo tiziwatchula asilikali.

Aphunzitsi, B ameneyo anachokera ku nkhuku. Mbalame zili ndi kathumba chakumchira kotchedwa bursa of Fabricius, ndipo mu 1956 Bruce Glick ndi anzake anaonetsa kuti anapiye ochotsedwa kathumbako sapanga bwino ma antibody, mapuloteni omwe amamatirira tizilombo kuti thupi litigonjetse. Munthu alibe kathumbako, maselo ake a mtundu wa B amakulira m'mafuta a m'mafupa.

Mawu oti asilikali a m'thupi ndimawakonda, ndipo anatithandiza zedi pofotokozera anthu za CD4 (kapuloteni kokhala kunja kwa maselo ena oyera, omwe amawerengedwa kuchipatala) kuyambira pomwe Edzi inatisautsa. Vuto lake ndi loti amaika maselo onse m'gulu limodzi. Maselo a B salimbana ndi mdani chifuwa ndi chifuwa. Iwo ndi osula zida, ndipo zida zawo ndi ma antibody. Komanso nthawi zambiri sasula popanda chilolezo. M'kati mwa mwanabere chemokine wotchedwa CXCL13 amasonkhanitsa maselo a B kumalo kwawo, pomwe anzake CCL19 ndi CCL21 amalondolera maselo a T, mtundu wina wa maselo oyera, kwawonso. Selo la B likakumana ndi kachilombo limasunthira kumalire a madera awiriwa kukaonana ndi selo la T lokhala ndi CD4, ndipo ili ndi lomwe limalilimbikitsa kuti lichulukane ndi kuyamba kusula. Muwauze ana kuti n'chifukwa chake CD4 ikatsika ngakhale osula zida amafooka. Chomvetsa chisoni n'chakuti HIV imalowa m'selo podzera pa CD4 mothandizidwa ndi CCR5 kapena CXCR4, malo omwewo amene selo limalandirira uthenga wa chemokine. Izi zinadziwika mu 1996.

Funso: Tizilemba selo la kapena selo ya?

Zonse zimamveka pakamwa pa anthu, makamaka selo ya apolisi. Koma poti pochulukitsa timati maselo, polemba za thupi ine ndimatsata gulu la dzira ndi mazira: selo limodzi loyera, maselo ambiri oyera. Chimene ndikupemphani ndi kusasakaniza m'nkhani imodzi. Ndipo musachulukitse kawiri polemba kuti ma B cells, pakuti ma ndi s akugwira ntchito imodzi. Lembani kuti maselo a B, kapena maselo a mtundu wa B ngati owerenga anu akuwamva koyamba.