Mwana akufuna ntchito ya mu labotale: ili ndi tsogolo?

Mayi wina wa ku Dómue, m'boma la Angónia, wafunsa za mwana wake wamkazi amene ali ku sekondale ndipo amakhoza bwino Biologia ndi Química. Mtsikanayo akufuna kudzagwira ntchito mu labotale, koma bambo ake akuti imeneyo ndi ntchito yongoyeza malungo, bola akaphunzire za migodi poti malasha ali pafupi ku Moatize.

Mayi, musamubweze mwanayo. Ntchito ya mu labotale yasintha kwambiri m'zaka zaposachedwapa, ndipo umboni wake tinauona kuno ku Tete komwe.

Mukukumbukira mu 2022 pamene azaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kudonthetsera ana katemera m'kamwa? Mu May chaka chimenecho boma linalengeza kuti mwana wina wa ku Changara wapezeka ndi poliyo wa mtundu woyambirira, amene anali atatha zaka 30 osaoneka m'dziko muno. Mu February anali atapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe. Anthu anadabwa, chifukwa mu 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linali litanena kuti poliyo wa mtunduwu watheratu mu Africa. Nanga anachokera kuti?

Yankho linatuluka mu labotale. Kachilombo kalikonse kali ndi malangizo a chibadwa chake, olembedwa ndi zilembo za mitundu inayi yokha zondandalikana mumzere. Ka poliyo kali ndi zilembo pafupifupi 7,500, ndipo masiku ano pali makina otha kuziwerenga. Kachilombo kakamachulukana kamakopera zilembozo, nthawi zina nkulakwitsa chimodzi, ndipo ana ake onse amatengera cholakwikacho. Aphunzitsi amazidziwa bwino izi: ana atatu akalakwitsa liwu limodzi mofanana m'makope awo, sachita kufunsa kuti anakopera kwa yani. Akatswiri atayerekeza zilembo za kachilombo ka ku Changara ndi za tizilombo ta m'mayiko ena, anapeza kuti kanali ka m'banja limodzi ndi ka ku Lilongwe, ndipo tonse tinali tochokera ku Pakistan. Zimenezi zinawauza kuti matendawa anachita kulowa kuchokera kunja, komanso kuti afunika kutemera ana mbali zonse za malire nthawi imodzi. Ana asanu ndi atatu anapezeka nawo m'chigawo chathu chaka chimenecho, ndipo mu May 2024 mliriwo unalengezedwa kuti watha.

Chimene ndikufuna bambo akewo amvetse ndi chiyambi cha ntchito yonseyi. Mwana akafooka mwendo mwadzidzidzi, wazaumoyo amatenga chimbudzi chake kawiri, motalikirana tsiku lathunthu, pasanathe masiku 14 chiyambireni vutolo. Amachitsekera m'kabotolo, kulembapo dzina ndi tsiku, nkuchiika m'bokosi la madzi oundana kuti chisatenthedwe panjira. Bokosilo likafunda, kachilombo kangawonongeke, ndiye makina odula a mumzinda sangawerenge kanthu. Manja amene amagwira ntchito imeneyi ndi a anthu onga mwana wanuyu, ndipo ine ndimawalemekeza kwambiri.

Njira yowerenga zilembo ija ndi imenenso inavumbula mtundu wa korona wotchedwa Omicron mu November 2021. Mmodzi mwa oyamba kuuzindikira anali Dr Sikhulile Moyo, wobadwira ku Zimbabwe, akugwira ntchito ku Gaborone. Katemera woyamba wa malungo, RTS,S, amene WHO inavomereza mu 2021, anayesedwa kwa zaka zambiri ku Manhiça, kumwera kwa dziko lathu, ndipo mu 2024 katemera wachiwiri, R21, anayamba kuperekedwa kwa ana ku Zambézia.

Tsono mwanayo ayende bwanji? Posankha gulu ku sekondale atenge la Masamu ndi Sayansi, ndipo masamu asawanyalanyaze. Ana ambiri okonda Biologia amawathawa, pomwe zilembo masauzande zija munthu saziyerekeza ndi maso, amagwiritsa ntchito kompyuta ndi masamu. Akamaliza kalasi 12 njira zilipo ziwiri. Yaifupi ndi maphunziro a ukatswiri wa mu labotale kumasukulu a zaumoyo, monga Instituto de Ciências de Saúde. Yaitali ndi yunivesite: UniZambeze ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi ya zaulimi ku Ulongué, ndipo Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo imaphunzitsa Biologia. Ya ku Ulongué musaipeputse. Luso lozindikira tizilombo likufunikanso kumunda, makamaka chibwerereni ntchemberezandonda zimene zakhala zikuononga chimanga chathu kuyambira 2017. Amene wayamba ndi njira yaifupi angathe kugwira ntchito kaye nkudzapitiriza pambuyo pake.

Chingelezi nachonso achilimbikire. Zotsatira za kafukufuku zambiri zimalembedwa m'chinenero chimenechi, ndipo ife a m'malire tili ndi mwayi poti timachimva pa wailesi ndi kwa abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Sindikubisirani kuti ntchito siipezeka tsiku lolandira satifiketi. Ena amadikira nthawi ndithu boma lisanawalembe, ndipo makina owerenga zilembo aja ali m'malabotale akuluakulu monga a Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene, osati pachipatala chilichonse. Maganizo a bambo akewo si olakwika, chifukwa Instituto Superior Politécnico de Tete imaphunzitsa za migodi ndipo atsikana amakhoza bwino lomwe. Kungoti ntchito za malasha zimakwera ndi kutsika potsata mtengo wake kunja, komanso mwana amapirira bwino maphunziro ovuta akakhala kuti mtima wake uli pomwepo.

Patchuthi chikubwerachi mupite naye kuchipatala cha boma chapafupi, mukapemphe mwaulemu kuti acheze ndi wogwira ntchito mu labotale, amufunse kumene anaphunzira ndi mmene anapezera ntchito. Bambo ake apite nawo. Ndipo ngati mungaganize za sukulu yolipira, musanapereke ndalama iliyonse muone kaye chikalata chosonyeza kuti boma linavomereza sukuluyo komanso maphunziro amene mwanayo akufunawo.