Mwana wa fomu 3 wagwira holide yonse pa loji osalipidwa, ati amaphunzira ntchito

Bambo, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Ndiubwereze pang'ono kuti ena atsatire nawo: mwana wa achemwali anu, mtsikana wa zaka 17 yemwe ali fomu 3, holide yapitayi anagwira masabata 6 pa loji ina cha ku Monkey Bay, anamuuza kuti ndi atachimenti akaphunzire ntchito. Amayala mabedi, kuperekera zakudya, ndipo Lachisanu ndi Loweruka amamuika ku bala mpaka usiku. Pomaliza anangomupatsa ya thiransipoti basi, ati zina zonse zalowa pa matambula amene anaswa ndi ndalama yomwe inashota mu kashi. Pepala olo limodzi palibe. Ndiye mukufunsa ngati pali mlandu apa, komanso ngati abwererenso holide ikubwerayi poti inu ngati malume mukufuna mwana azolowere ntchito asanalembe MSCE.

Tiyambe ndi zaka. Lamulo la zantchito la 2000, lija timangoti Employment Act, gawo 21 limaletsa kulemba ntchito mwana osakwana zaka 14. Wanuyo ali ndi 17 ndiye kugwira ntchito pakokha sikulakwa ayi, musamuope bwana wa pa lojiyo akakuuzani kuti mukadandaula nanunso mumangidwa poti munamutumiza ndinu. Koma gawo 22 likuti kuyambira 14 mpaka 18 asapatsidwe ntchito yomwe ingaononge thanzi lake, chitetezo, makhalidwe kapena sukulu yake, ndipo chisinthireni malamulo oyendetsera dziko mu 2017 aliyense osakwana 18 ndi mwana, kaya watalika bwanji kaya mawu anakula kale. Mu 2012 boma linatulutsanso mndandanda wa ntchito zoopsa zomwe ana sayenera kugwira, za m'mabala zili momwemo. Ndiye zoyala mabedi ndi kuperekera tiyi masana zilibe vuto, koma kumuimika mtsikana wa sukulu pa kauntala ya mowa usiku pakati pa azibambo oledzera, apo analakwa ndithu, ndipo gawo 24 likuti munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka 5 pa mlandu umenewu. Olemba ntchito amayeneranso kusunga kaundula wa onse osakwana 18 omwe akugwira pamalo pake, ndikukayika ngati dzina la mwanayo linalembedwa penapake.

Pa nkhani ya malipiro. Mawu oti atachimenti asakusokonezeni. Atachimenti yeniyeni imakhala ndi kalata yochokera ku sukulu kapena koleji, pamakhala munthu omuyang'anira komanso zinthu zodziwika zoti aphunzire. Koma munthu amene amauzidwa nthawi yofikira, ali pa shifiti, akajomba amadzudzulidwa, akugwira ntchito yomwe pakanapanda iye akanalemba wina, ameneyo pamaso pa lamulo amaoneka ngati wantchito basi, dzina lomwe bwana wapereka silisintha kanthu. Komanso kontirakiti siyofunika kuti ikhale yolembedwa kuti igwire, yapakamwa lamulo limaivomereza, chovuta ndi umboni wokha. Wantchito ndiye ayenera kulandira osachepera malipiro otsikitsitsa omwe nduna ya zantchito imalengeza, chiwerengero chake chimasinthasintha ndiye mukafunse ku ofesi ya leba za mlingo womwe unalipo miyezi imene iye amagwirayo. Maola ndi 48 pa sabata, akapitirira pamenepo ndi ovataimu yomwe imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, akagwira tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma ndi kawiri.

Za matambulazo, kunena chilungamo lamulo limalola bwana kudula ndalama yobwezera katundu amene wantchito waononga, ndiye musapite kumeneko mukukana zonse. Chomwe sililola ndi kulipitsa faindi. Tambula ili ndi mtengo wake, aonetse risiti adule imeneyo, osati matambula angapo ameze malipiro a masabata 6. Za kushota kwa kashi ndiye mufunse: pa kashipo amagwirapo anthu angati? anawerengetsana pamene amalandira shifiti? analemba pati? Ngati kabati imodzi amatsegula anthu atatu ndiye n'chifukwa chani mlandu wagwera wamng'ono yekha.

Njira yake ndi iyi. Choyamba khalani pansi ndi mwanayo alembe yekha masiku onse omwe anagwira, nthawi yolowa ndi yowerukira mmene akukumbukira, ndani anamulemba, anagwirizana zotani, anzake omwe anali nawo pa shifiti. Mamesiji a pa WhatsApp omuitana kuntchito asafufute, ngati ya thiransipoti ija inabwera pa Airtel Money kapena Mpamba mesiji imeneyonso ndi umboni. Kenako lembani kalata yaifupi yaulemu kwa mwini loji, mutchule masiku ndi zomwe mukufuna, mupereke masiku oti ayankhe mwina 14, musunge kope yanu ndipo olandira asayine. Ambiri amalipira pomwepa akaona kuti nkhani yalowa pa pepala. Akakana kapena kungokhala chete pitani ku ofesi ya leba pa boma ku Mangochi mukaonane ndi District Labour Officer, kudandaula kumeneko sikufuna loya, amaitana mbali zonse ziwiri n'kuwerengera ndalama zomwe zikuyenera kuperekedwa, ndipo ali ndi mphamvu yopita kukayendera malo antchitowo. Zikakanika amakupatsani kalata yopita nayo ku khoti la zantchito, Industrial Relations Court, ndipo poti iye sanakwane 18 kumeneko amayenera kuyimiridwa ndi munthu wamkulu, mayi ake kapena inuyo. Ngati thumba silikulola loya kuli a Legal Aid Bureau.

Chimodzi ndikuchenjezeni, anthu ambiri amamva zoti ukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo uli ndi miyezi 3 yokadandaula ku leba. Ndi zoona, gawo 62 limatero, koma nkhani yanuyi si yochotsedwa ntchito, iye anagwirizana nawo za holide ndipo holide inatha. Mlandu wanu ndi wa malipiro ndi wa bala uja. Musakayambe ndi zoti anamuchotsa, mungotaya nthawi. Komabe musachedwe, mboni za pa loji zimasamuka msanga, lero ali ku Cape Maclear mawa mumva ali ku Joni.

Ndiye pali kanthu kena komwe anthu sakadziwa ndipo kwa ine n'kofunika kuposa ndalamazo. Gawo 31 likuti ntchito ikatha wantchito akapempha, bwana ayenera kumupatsa satifiketi yonena dzina la malo antchito, bizinesi yake, nthawi yomwe wagwira ndi udindo womwe anali nawo. Muipemphe mu kalata yomwe ija. Mwana wa fomu 4 akamakafunsira ntchito kapena malo ku Malawi Institute of Tourism ali ndi pepala losonyeza kuti anagwirapo pa loji, amasiyana kutali ndi mnzake amene angonena pakamwa kuti ndinagwirako.

Pa funso lanu lachiwiri, ine sindikuti mwana akhale pakhomo ayi. Maganizo anu ndi abwino, kungoti malo amenewo asabwerereko pokhapokha zinthu zitalembedwa: ntchito yake ndi iti, maola, malipiro, komanso kuti ku bala ndi usiku ayi. Malo omwe ali ndi antchito 5 kapena kuposa amakakamizidwa ndi gawo 27 kupereka pepala lotere mwezi usanathe. Bwana amene akwiya chifukwa choti mwapempha pepala wakuuzani kale kuti ndi munthu otani.

Ndipo poti mwafunsa zoti aphunzire chani, ndiyankhe ngati munthu amene amaona milandu ya zantchito mmene imathera. Achinyamata ambiri samagonja chifukwa choti analakwa, amagonja chifukwa sanalembe. Mugulireni kope ya masamba ochepa yokwana m'thumba, azilemba tsiku lililonse nthawi yomwe wafika, yomwe waweruka, zomwe wapatsidwa m'manja. Akamalandira kashi kapena sitoko kwa mnzake awerengetsane maso ndi maso onse asayine, olo mnzakeyo akhale wamkulu anene kuti aaa iwe sukundikhulupirira kodi, ayankhe mwaulemu kuti ndimangofuna tisadzakangane mawa. Khalidwe limeneli ndi lomwe mabwana abwino amalifuna, komanso ndi lomwe lidzamupulumutse tsiku lomwe ndalama yasowa, chifukwa kuba uli pantchito ndi mlandu waukulu mu Penal Code, buku la malamulo a milandu, ndipo apolisi akabwera amayamba ndi amene alibe chomuikira kumbuyo. Asamasayine chinthu asanawerenge, asamasayine pepala lopanda kanthu, asamasiye chiphaso chake cha unzika kapena satifiketi yeniyeni kwa bwana, fotokope ndi yokwanira.

Zina ndi zodziwika kale: kusunga nthawi, kudziwitsa msanga ngati wadwala osati kungosowa, kulemba kalata yomveka, kuyankha foni ndi kulandira kasitomala. Kuno kwathu mwana olankhula bwino Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi ali ndi chuma chomwe sachiwerengera, pa loji, ku chipatala ngakhale ku khoti komwe omasulira amafunika tsiku ndi tsiku. Kompyuta aphunzireko ndithu olo kungotayipa kalata ndi kuwerengera sitoko, foni yokha siyokwanira. Za satifiketi yogula kapena kusintha magiredi ndiye asayerekeze n'komwe, zimadzatulukira patapita zaka munthu atakhazikika kale, ntchito kutha ndi mlandu pamwamba.

Palinso luso lina lomwe ana athu aakazi sitiwaphunzitsa poti timawalera kuti azingoti inde kwa akulu, kukana. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pa zachiwerewere ndi mlandu, chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, kaya ochitayo ndi manijala kaya mlendo wa pa loji. Simunatchule zoterezi ndipo sindikunena kuti zinachitika, koma mtsikana amene amaweruka ku bala usiku ndi bwino amayi ake kapena azakhali amufunse paokha modekha, kwa malume mwina achita manyazi. Ngati pali kanthu, ku polisi kuli Victim Support Unit, komanso nambala ya ana ya 116 ndi yaulere.

Ngati chomwe mukufuna ndi luso lenileni lokhala ndi pepala, akamaliza fomu 4 yang'anani za TEVETA, iwo ndi omwe amayendetsa maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999 ndipo atachimenti yawo imakhala ndi kalata ndi omuyang'anira. Nasawa Technical College ili pafupi pompa ku Zomba, ndipo kwa okonda zam'nyanja Malawi College of Fisheries ili konkuno ku Mpwepwe.

Popita ku leba mutenge chiphaso cha mwanayo kapena chilichonse chosonyeza tsiku lobadwa, kalata ya ku sukulu yosonyeza kuti ali fomu 3, ndandanda wa masiku uja, foni yomwe ili ndi mamesiji ndi kope ya kalata yomwe mwalembera mwini loji. Mupite naye limodzi, ndipo akafunsidwa mumusiye afotokoze yekha, inu mudzangoonjezera pomwe waiwala.