Kodi kabotolo ka mankhwala kangaziziritse MGB yanga?

Bambo wina wa ku Johannesburg wandilembera imelo. Ali ndi MGB ya 1971, galimoto yakale ya ku Britain, ndipo akangoima pamzere wa magalimoto masana, kamuvi ka geji ya kutentha kwa injini kamakwera mpaka kukagunda pa H, kutanthauza kuti yatentha kwambiri. Mnzawo wawauza kuti athire mankhwala otchedwa Water Wetter, a kampani ya Red Line, m'rediyeta. Akufunsa ngati imathandizadi kapena angotaya ndalama.

Imathandiza, bambo, koma pang'ono, ndiponso pokhapokha njira za madzi zikakhala zoyera.

Mankhwalawa amachita ngati kadontho ka sopo: madzi amayalana bwino pachitsulo. M'mutu wa injini, pafupi ndi mavavu a ekizozi, mumatentha kwambiri moti madzi amatulutsa timathovu ta nthunzi. Timathovuto tikamatirira pachitsulo, madzi safikapo. Mankhwalawa amatichepetsa kuti tichoke msanga. Okonda mipikisano ya magalimoto ndiwo amawadalira kwambiri, chifukwa mabwalo ambiri saloleza antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana), poti ikatayika pamsewu imaterera. Iwo amathira madzi okha ndi kabotoloka, komwe kalinso ndi zoteteza ku dzimbiri.

Apa mpomwe ambiri amasokonezeka. Madzi okha amanyamula kutentha kuposa osakaniza theka ndi theka ndi antifreeze. Munthu amakhuthula zakalezo, kutsuka, kuthira madzi atsopano ndi mankhwala, geji n'kutsika, iye n'kumatamanda botolo, chonsecho ntchito yaikulu agwira ndi madziwo. Mukathira mankhwalawa pamwamba pa antifreeze wambiri, kusintha kwake mwina simukuona n'komwe.

Komabe inu musasiyiretu antifreeze. Ku Johannesburg usiku wa mu June ndi July madzi amatha kuundana, choncho gawo limodzi mwa magawo atatu likhale antifreeze wachikale, wa mtundu wotchedwa IAT. Wamakono wa mtundu wa OAT musamuyandikize, sagwirizana ndi mtovu womatira rediyeta ya mkuwa. Madzi ake akhale a distilled, otchezedwa opanda mchere.

Chinanso, mzinda wanu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pomwe madzi amawira pa madigiri 94 kapena 95, osati 100. Chivindikiro cha rediyeta ndicho chimakweza malirewo, pafupifupi digiri imodzi ndi theka pa psi iliyonse (muyeso wa presha imene chivindikirocho chimasunga). Sipuling'i yake ikatopa kapena labala akang'ambika, galimoto iwira ndithu. Gulani chatsopano cha mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi matope a m'kati. Injini ya B-series ya 1798cc ndi yachitsulo, ndipo dzimbiri limaunjikana kumbuyo, cha ku silinda yachinayi. Ndinatsegulapo potulutsira madzi pabuloko ya MGB ina, osatuluka ngakhale dontho. Nditatokosa ndi waya, munatuluka zofiira zolimba ngati phala la mawere. Pamenepo kabotolo kakanachita chiyani?

Ndiye Loweruka likubwerali, injini itatentha, yezani rediyeta malo osiyanasiyana ndi thermometer ya infrared. Mukapeza zigamba zozizira pakati, timapaipi tatsekeka, ipite kwa okonza marediyeta. Chipangizo chomwecho chikuuzani ngati geji ikunama. Thermostat ya madigiri 82, kavavu kotsegulira madzi injini ikatentha, musaichotse, ingoyesani m'poto wa madzi otentha ngati ikutseguka. Makaniko aonenso timing, nthawi imene mapulagi amayatsira moto, chifukwa ikachedwa injini imatentha. Popeza vuto lanu limabwera galimoto ikaima, ndikuganiza kuti mpweya wodutsa m'rediyeta ndi wochepa, ndipo fani yamagetsi ingakuthandizeni kuposa mankhwala.

Mukatha zonsezi, thirani Water Wetter wanuyo, mundilemberenso pomwe kamuvi kaima.